Nsapato ya Gogoda pa Chifuwa cha a Metironi

Zoti Gogoda anavula nsapato n'kumenya nayo a Metironi alendo akuona, n'zabodza. Inde, mwazimva kumsika, mwazimva pamzere wolandirira mankhwala, ena mwazimva kwa munthu wolumbira kuti analipo. Analipo kuti? Tsikulo pakhonde pa chipatala panali anthu osakwana makumi anayi, koma lero mboni zake zingadzaze bwalo la mpira. Ena akuti anamenya kawiri. Ena akuti dzino linachoka. A Metironi mano awo alipo onse, ndipo akulumabe nawo anthu.

Pepala limene Gogoda anasaina lovomera kuti anamenya liliko, limenelo sitikukana. Koma pepala lilibe manyazi, limalandira chilichonse.

Kwa amene simumudziwa, Gogoda ndi namwino wa m'wodi ya amuna ovulala, kuja kumagona othyoka mafupa, ogwa pa njinga zamoto ndi odulidwa miyendo. Wagwirako zaka khumi ndi zinayi. Dzinali silinachokere kwa makolo. Mwendo wake wakumanzere ndi waufupi, ndiye amavala nsapato yokwezedwa, yakuda bii, yochindikala kunsi ngati njerwa. Akamayenda pasimenti imamveka kho, phazi linalo phe, kho, phe, moti odwala amabisa fodya iye asanakhote pakona. Anamwino anzake ndiwo anamupatsa dzinalo pomunyoza kuti wavala gogoda phazi limodzi. Iye analitola n'kulilemba pakapu yake ya tiyi.

Musaganize kuti tikunena za mngelo. Gogoda ndi mayi wa pakamwa pa lumo. Sabwereketsa cholembera. Kuphwando kwa anzake sapita, ndipo akapita amanena kuti mchere wachepa. Gadiyani akagona pabedi la wodwala, amamudzutsa ndi mawu oti munthuyo amakafika kwawo makutu akulirabe. Koma lilime limenelo sanabadwe nalo lakuthwa. Analinolera pa anthu.

Mwendowo unafota ali ndi zaka zitatu. Anadwala sabata imodzi, thupi kutentha ngati mbaula, ndipo atadzuka mwendo wakumanzere unakana kukula limodzi ndi unzake. Bambo ake anali mlonda wa pasukulu, munthu wofatsa ngati mpando. Mayi ake, telala wa pakhonde pa sitolo, ndiwo anali ndi mano m'nyumbamo. Azakhali atabwera kudzaona mwana anapukusa mutu.

"Alamu, ameneyu musavutike naye za sukulu. Mukhazikeni pambali panupo aphunzire makina, ntchito yokhala pansi."

Mayi aja anayankha osasiya kupalasa. "Makina awa amafuna mapazi awiri, alamu. Sukulu imafuna mutu. Mutu wa mwana wanga mwauyeza liti?"

Kunyumba sanamunyengerere. Mbale ankatsuka, madzi ankatunga, akadandaula ankauzidwa kuti chafupika ndi mwendo, osati manja.

Kusukulu ya anamwino anamukana kawiri. Ulendo woyamba anamuyang'ana kuyambira kuphazi, maso awo osafika n'kumaso komwe. Ulendo wachiwiri anamupatsa beseni lodzaza madzi kuti ayende nalo mpaka pazenera ndi kubwerera, akuluakulu atatu ali tuzu. Sanataye ngakhale dontho. Ataliika pansi anafunsa kuti, "Anzanga ali panjawo anyamulanso, kapena beseni ili ndi langa ndekha?" Funso limenelo linamudyera chaka chathunthu. Ulendo wachitatu anapita ndi mayi ake. Mayi aja anakhala pabenchi kunja kwa ofesi masiku atatu, akusokerera mabatani, akupereka moni kwa aliyense wolowa ndi wotuluka, mpaka akuluakulu anatopa ndi moniwo. Anamutenga.

Mwamuna wake anakumana naye pansi pa masitepe a sitolo ya zitsulo, pamene amasoka nsapato mpaka lero. Bamboyo anamuyeza phazi ndi kachingwe, anayeza kusiyana kwa miyendo ndi timatabwa, osafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Gogoda anali atatopa kufotokoza mwendo wake kwa aliyense wokhala naye mpando umodzi m'basi. Munthu wosafunsa anamuona ngati mthunzi. Anthu amati Gogoda ndiye anayamba kufunsira, ndipo zimenezo ndiye sitikana. Ali ndi ana awiri, onse pakamwa anatengera mayi.

Kuthamanga sathamanga, ndipo sananamizirepo. Ndiye anapeza njira zake. Wodwala kwambiri ankamugoneka pafupi ndi tebulo la anamwino, woyamba kuchira ankakankhidwira kumapeto. Nambala ya bedi analibe nayo ntchito. Mayi ake anamusokera epuloni ya matumba asanu ndi atatu, umu magolovesi, umu thonje, umu bandeji, umu sizasi, kuti asayende kawiri ulendo umodzi. Anzake a miyendo yofanana aja ankafika msanga pabedi, inde, n'kuzindikira kuti aiwala pulasitala, n'kuthamanganso. Iye ankafika kamodzi n'kumaliza. Ndipo munthu akadulidwa mwendo, Gogoda ankamangirira chingwe cha labala kumapazi kwa bedi lake masiku khumi oyamba. Chilonda chotero chimatha kutsegula magazi osachenjeza, ndipo ukati upite kukasaka chomangira, pobwerera utengeretu nsalu yofunditsa maliro.

A Metironi atsopano anabwera chaka chatha, ndi diresi lawo la buluu wakuda lositidwa moti ntchentche ikatera imaterereka. Ndi mayi okonda mizere. Mabedi aime mzere, mapilo ayang'ane mbali imodzi, odwala abuule motsitsa. Tsiku loyamba kuyendera wodi anamva kho, phe, n'kutembenuka, nkhope yonse ili chisoni ngati aona mwana wamasiye.

Mdani wokutukwana ndi wabwino, chifukwa umadziwa pomuyankha. A Metironi anabwera ndi chifundo.

"Sisitala, mukuvutikatu. Mtima wanga umawawa ndikamakuonani mukuyenda."

"Pepani amayi, panado ali m'kabati."

"Ndikunena zoona, mwana wanga. Kuchipinda cha mafaelo kuli malo. Mpando wofewa. Tsiku lonse muli khale, osanyamula munthu, osaona magazi."

"Ndikanafuna mpando ndikanaphunzira ukalaliki, amayi. Ndilambalale? Bedi lachisanu akudikira jakisoni."

Chipinda cha mafaelo chimenecho chili kuseri kwa mochale, chilibe zenera, ndipo mumakhala makadi a anthu amene anaiwalika ndi abale awo omwe. Namwino akalowa mmenemo sabwereranso m'wodi. Manja amaiwala mtsempha, maso amazolowera fumbi, amangodikira tsiku lopuma ntchito. Gogoda ankadziwa zimenezi. Sananyamule beseni lija kuti adzathere pakati pa njenjete.

Mwayi wake unali woti lamulo la pachipatalapo silinkalola kuchotsa namwino m'wodi chifukwa choti wina akumumvera chisoni. Pankafunika kuti mwiniwake apemphe, kapena pakhale pepala losonyeza kuti thupi lake likulephera ntchito. Gogoda sanapemphe. Ndiye a Metironi anayamba kusaka pepalalo ngati nkhuku yofuna poikira.

Anayamba ndi epuloni. Akuti si yunifolomu, munthu amaoneka ngati kondakitala. Inavulidwa. Kenako mabedi: wodwala agone pa nambala imene walembedwa, kaya akufa kaya akuimba. Gogoda anayamba kuyenda maulendo atatu pamene ankayenda umodzi, madzulo chiuno chili moto, koma a Metironi akamufunsa ankati ali bwino kwambiri, zikomo. Kenako pachitseko panamatidwa chidziwitso chakuti namwino aliyense azivala nsapato zoyera.

"Lamulo silisankha," anatero a Metironi pamsonkhano wa m'mawa, akuyang'ana kudenga. "Tikati tonse ndife ofanana, tifanane mpaka kuphazi."

Nkhani ya alendo inabwera ndi namwino mnzake amene amamutcha Wayilesi, chifukwa satseka ndipo safuna batire. Anamupeza Gogoda akutsuka timbale ta zitsulo.

"Asisi, mwatchuka. Lachinayi kukubwera akuluakulu a bungwe la anamwino. Akuti akuyendayenda m'zipatala kuphunzitsa kuti anamwino olumala tiziwalandira bwino pantchito."

"Achedwa ndi zaka khumi ndi zinayi."

"Akufuna mukhale kutsogolo, pambali pa a Bwana, mkulu wa chipatala, akujambuleni. A Metironi alemba kale kuti pano tili naye mmodzi, ndipo timamusamala ngati dzira."

"Dzira amalisamala kuti alikazinge. Ndikhale kutsogolo ndi nsapato iti?"

Wayilesi anayang'ana uku ndi uku, ngakhale kuti anali atauza kale wodi ya amayi yonse. "Yoyera, asisi. Akuti ikapanda kuyera pofika Lachinayi, ndiye kuti mwendo ukukulepheretsani kuvala yunifolomu, ndipo iwo alemba. Ine sindinanene."

Gogoda anakaika nsapato patsogolo pa mwamuna wake pansi pa masitepe paja. Bambo uja anaitembenuza, anaigogoda, anapuma. Chikopa choyera cholimba chotero sichipezeka, ndipo nsapato yamtundu umenewu imatenga masabata atatu. Anayesa mankhwala oyeretsera nsapato za nsalu, anangoyenderera pa polishi wa zaka zambiri ngati madzi pa tsamba. Pomaliza anakapempha penti wotsala kwa mnzake amene anali atangopaka mafelemu a mazenera.

"Bambo a ana, ameneyu auma?"

"Pachitini alemba kuti tsiku limodzi."

"Inu mumakhulupirira chitini?"

"Ndinakhulupirira inu mutati simukonda zolankhulalankhula. Chitini n'chiyani?"

Lachitatu kunagwa mvula tsiku lonse. Lachinayi m'mawa nsapato inali mbee, yokongola ndithu, koma ukaikhudza chala chimamatirira.

Tsopano m'wodimo munali Dalaivala, bambo wa lole amene anali atadulidwa mwendo pamwamba pa bondo masiku asanu ndi limodzi apitawo. Munthu wotukwana ngati akadali pamsewu. Tsiku loyamba kutsegula maso atachoka ku fiyeta, kochitira opaleshoni, anamva kho, phe, n'kuyang'ana pansi.

"Andidula mwendo n'kundipatsa nesi wa mwendo umodzi ndi theka. Chimenechi n'chipongwe kapena phunziro?"

"Ndi masamu, bambo. Ine ndi theka langalo ndakuposani. Tembenukani, thako likufunika."

Kuyambira pamenepo ankatukwanizana m'mawa uliwonse, ndipo Dalaivala sankalola wina kumutsuka chilonda. Chilondacho sichinkamusangalatsa Gogoda. Chinali chitayamba kununkha, ndipo iye anali atalemba kawiri m'faelo kuti adokotala achione.

Lachinayi a Metironi analawirira. Magadiyani onse anathamangitsidwa kunja kwa geti. Ndodo zoyendera odwala zinatoleredwa n'kutsekeredwa m'sitolo yosungira katundu, akuti zimaoneka ngati nkhuni. Zingwe za labala zinamasulidwa kumabedi, akuti zili lendelende ngati m'khola la mbuzi. Dalaivala, chifukwa cha fungo ndi pakamwa pake, anakankhidwira pakona pafupi ndi chitseko chotulukira kukhonde, n'kumutchinga ndi katani kuti alendo polowa asamuone. Gogoda zimenezi sanazione. Atangofika anamugwira mkono pageti ngati mkwatibwi n'kukamukhazika pampando wakutsogolo, pansi pa maluwa a pulasitiki.

A Metironi anayang'ana nsapato, anaipeza yoyera, milomo inachita ngati alawa ndimu.

Msonkhano unali pakhonde pomwepo, kunja kwa wodi, ndi chimkuzamawu chobwereka chimene chinkalira ngati ng'ombe. Mayi wamkulu wa alendo aja analankhula zanzeru, chilungamo chinenedwe. Anati namwino wolumala sakupempha chifundo, akupempha kuti agwire ntchito imene anaphunzira. Anati musamuganizire, mufunseni chimene akufuna, mwina ndi chinthu chaching'ono. A Metironi anaomba m'manja kuposa onse, mpaka zikhatho kufiira. Gogoda sanafunsidwe kanthu. Anangokhala akuwerenga mitu. Wayilesi uyo, mnzake uyo, ana a sukulu ya unamwino awiri awo, ndi iye mwini wachisanu. Onse a m'wodi ya amuna anali pakhonde. Mkati munali amuna makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi popanda wowaona.

Anaimirira.

"Mukupita kuti?" ananong'ona a Metironi, kumwetulira kuli kwa alendo, dzanja litagwira diresi la Gogoda.

"Kuchimbudzi, amayi. Kapena nakonso mundisamala ngati dzira?"

Anazungulira polowera kwina kuti asadutse pamaso pa alendo. Atangotsegula anamva phokoso. Amuna aja ankakuwa, ndipo anali atakuwa nthawi yaitali, koma wodi ya amuna imakuwa tsiku lililonse, ena akufuna madzi, ena akufuna wailesi ya mpira, ndiye ndani akanasiya nkhani yabwino ya chimkuzamawu chifukwa cha iwo? Mkulu wina wopachikidwa mwendo pa zitsulo ankangoloza katani.

Pansi pa katanipo magazi anali atayenda mpaka pa mwendo wa bedi loyandikana. Gogoda anatsegula katani mbali imodzi. Bandeji yonse inali psuu, shiti chimodzimodzi, Dalaivala milomo yatuwa ngati wadya phulusa. Dzanja la Gogoda linapita lokha kumapazi kwa bedi. Chingwe panalibe. Linapita pamimba pofuna thumba la epuloni, linangopeza mabatani. Anakunga chibakera n'kuchikanikiza pamwamba pa ntchafu, polumikizana ndi mimba, pamene pamadutsa mtsempha waukulu, n'kutsamirapo ndi thupi lonse. Magazi anachepa. Atayesa kupeputsa pang'ono anabwereranso.

"Sisitala, ndikufa?"

"Mukafa pa shifiti yanga ndikutsatirani komweko. Khalani chete."

Anaitana Wayilesi. Anaitana aliyense. Amuna aja anathandiza kukuwa, wina kumenya kapu pachitsulo cha bedi, koma panja anthu anali pakati poomba m'manja. Amene akanatha kudumphira kuchitseko ndodo zawo zinali m'sitolo. Chitseko chija chinali pafupi, mapazi asanu okha, ndipo theka lake lakumtunda linali galasi. Koma mapazi asanu ndi ulendo wautali ngati chibakera chako ndicho chikusunga munthu.

Galasi likasweka anthu amatembenuka, ngakhale pamaliro. Gogoda anawerama osachotsa chibakera, anamasula lamba wa nsapato ndi dzanja lamanzere, anaima ndi mwendo umodzi, analinga galasi lija n'kuponya.

A Metironi anali atatopa kudikira. Nthawi ya chithunzi inali itakwana, dzira lawo silikuoneka, ndiye anati alendo angolowa aone wodi n'kumujambulira komweko. Anakankha chitseko, chifuwa patsogolo, kumwetulira kuli tseche.

Nsapato imeneyo inu simunainyamulepo. Ndi chikopa, thabwa ndi tayala. Inafika pachifuwa phwa, a Metironi anabwerera chafutambuyo n'kukhala pamapazi a a Bwana, ndipo pa diresi la buluu lija panatsala nsapato yathunthu yoyera, mpaka chizindikiro cha lamba. Chitini chinanama.

Gogoda sanapepese, analibe nthawi. "Wayilesi, chingwe cha labala. Iwe mwana, diripi ziwiri. Wina athamangire ku fiyeta anene kuti tikubwera."

Apa ndiye miyendo yofanana inagwira ntchito yake, tisawanamizire. Chingwe chinapezeka, chinamangidwa, Dalaivala anakankhidwa pa machira. Koma a Bwana, mkulu wa chipatala, nawonso anathamanga kwawo. Anatambasula manja pachitseko ngati akubweza nkhuku, n'kutembenuza alendo kupita nawo kokamwa tiyi. Alendo anaona nsapato ikuuluka, anaona a Metironi ali pansi, anaona namwino ataima ndi mwendo umodzi akukalipa. Kuseri kwa katani sanaoneko. Mayi wamkulu uja atafunsa, anauzidwa kuti ndi kankhani ka m'nyumba, tikonza tokha.

Dalaivala anatuluka ku fiyeta wamoyo, ndipo mawu ake oyamba sitingawalembe pano.

Lolemba Gogoda anaitanidwa ku ofesi ya a Bwana. Anapeza a Metironi atakhala kale, atavala diresi lina, dzanja lili pachifuwa ngati akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Patebulo panali mapepala awiri.

A Bwana ndi munthu amene amaopa phokoso kuposa matenda. Anakankha pepala loyamba ndi chala chimodzi. "Ili alemba ndi a Metironi, ndipo ndikuuzeni, amayi awa ali ndi mtima wabwino. Likuti munaterereka chifukwa cha vuto la mwendo, nsapato inavuka yokha, inali ngozi. Palibe chilango. Tingokupezerani ntchito yopepuka."

"Ku mafaelo."

"Kumene thupi lanu lingapume," anatero a Metironi mofewa.

"Linalo?"

"Linalo likuti munakwiya ndi lamulo la nsapato, munaponya dala. Limenelo ndi kalata yomaliza yochenjeza. Udindo woyang'anira wodi umene mumayembekezera chaka chino, muiwale. Ndipo lidzakhala m'faelo yanu mpaka mudzapume." A Bwana pepala lachiwirilo analilemba ngati choopsezera mbalame m'munda, kuti munthu athawire ku loyamba.

Gogoda anawerenga onse awiri mpaka pansi, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga mlingo wa mankhwala. "Bwana, lachitatu lili kuti?"

"Lachitatu lanji?"

"Lonena zimene zinachitika. Kuti munthu ankatha magazi, chingwe chinali chitachotsedwa, m'wodi munalibe namwino, ine ndinkafuna kuswa galasi."

A Bwana anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Sisitala, ndinu munthu wamkulu. Pepala lotero likatuluka muno likafika kubungwe. Akadzafunsa kuti analamula ndani kuti wodi itsale yokha, atenga a Metironi, atenga ine, atenga anzanu anayi aja, awiri ndi ana a sukulu sanayambe n'kulandira ziphaso. Inunso munali pakhonde, musaiwale, pampando wakutsogolo. Ndipo mboni yanu ndani?"

Mboni kunalibe. Wayilesi, amene amaona zochitika m'nyumba zotseka, tsiku limenelo akuti sanaone kanthu, anali atatembenuka. Za Dalaivala a Bwana anati anali atataya magazi ambiri, mutu sunkagwira. Amuna enawo, a Bwana anati odwala amabwera n'kupita, ife ndife otsala.

Gogoda anayang'ananso mapepala aja. Ankadziwa kuti akhoza kukana onse awiri, kulemba kalata yake, n'kukhala kunyumba miyezi akudikira kuti akuluakulu afufuze. Ankadziwanso kuti ofufuza akadzafika sadzayamba ndi chingwe. Adzayamba ndi mwendo, monga aliyense amayambira, ndipo wina adzafunsa mwaulemu kuti kodi namwino wothamanga sakanafika kuchitseko ndi kubwerera. Funso lopusa, koma mafunso opusa ndiwo amakhala ndi mipando.

"Bwana, ndikasaina loyambali, likunena kuti mwendo wanga walephera ntchito. Eti?"

"Silikunena choncho ndendende."

"Likunena. Nanga ndikasaina lachiwirili, mawa m'mawa ndikhala kuti?"

A Bwana anayang'ana a Metironi. A Metironi anayang'ana kalendala. "M'wodi," anatero a Bwana. "Ukali si chifukwa chosamutsira munthu ku mafaelo. Koma Sisitala, mbiri yanu..."

"Ndibwerekeni cholembera."

"Mulibe chanu?"

"Changa sindilembera mabodza."

Anasaina lachiwirilo, dzina lonse, zilembo zazikulu, n'kuikapo tsiku. A Metironi anachotsa dzanja pachifuwa.

"Mwana wanga, mwadzipweteka nokha. Ine ndimafuna kukuthandizani."

"Ndikudziwa, amayi. Mukanafuna kundipweteka bwenzi ndikugona tulo."

Anatuluka. Kunja kwa ofesi anapeza Wayilesi akupukuta zenera limene silinapukutidwepo chimangireni nyumbayo, ndipo nkhani inafika kumsika Gogoda asanafike m'wodi.

Mtengo wake waulipira ndipo akulipirabe. Udindo woyang'anira wodi unapita kwa Wayilesi, amene tsopano amayenda ndi makiyi m'chiuno n'kumamutcha Gogoda asisi mokweza kwambiri. Ana a sukulu ya unamwino akamuona amapatuka ngati aona galu woluma. Mwana wake wamkazi anabwera kunyumba akulira kuti anzake akumutcha mwana wa womenya mabwana. Gogoda anamuuza kuti apukute misozi, pali maina oipa kuposa limenelo. Mwamuna wake anapala penti uja ndi kagalasi masiku awiri, kenako anangofunsa kuti, "Mayi a ana, munalinga bwino koma?" Anayankhidwa kuti galasi likanasweka pakati penipeni. Alendo aja anatumiza lipoti loyamikira chipatala, ndi ndime imodzi yodandaula kuti anamwino ena olumala ali ndi mkwiyo wofunika uphungu. A Metironi ndime imeneyo anaidula mzere kunsi ndi inki yofiira.

Dalaivala anatuluka ndi ndodo ziwiri. Amakhala pa depoti masiku ano, ndipo aliyense womupatsa khutu amamuuza mmene zinakhalira, ndi matukwano ake omwe. Anthu amamumvetsera mpaka pakati n'kuyamba kuyasamula, chifukwa nkhani yake ilibe ndewu. Amasankha ya Wayilesi. Inunso munasankha yomweyo, musakane.

Choona chake n'chakuti Gogoda sanamenye munthu, anasainira bodza kuti asachotsedwe m'wodi.